Phindu la luso la wina

Memori khadi yaing'ono imene timagula pa Kamwendo kapena paboma n'kuthiramo nyimbo imadyetsa anthu ambiri amene sitidzawaona ndi maso. Lamulo la umwini wa luso la 2016 linalola kuti zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko muno pazidulidwa kandalama, ndipo COSOMA imagawira oimba ndi olemba. Apa mtima wanga sutsutsa. Woimba anakhetsa thukuta, ife timangokopera.

Ku America kuli kampani ya Rambus, imene anaiyambitsa mu 1990 Mike Farmwald ndi Mark Horowitz. Iwo sanamange fakitale. Anakonza njira yoti memori ya m'kompyuta izigwira ntchito mwachangu, analembetsa njirayo kuti ndi yawo, ndipo makampani opanga memori ankayenera kuwalipira. Mu 2010 Samsung inavomera kulipira madola 900 miliyoni. Mwina tinganene kuti nawonso ali ngati woimba uja, ngakhale makampani ena anawadandaula kwa zaka zambiri kuti anabisa zolembetsa zawo pamene onse ankagwirizana muyezo umodzi.

Koma panali gulu lachitatu: ogula masheya a Rambus. Ambiri ankangotchera khutu kumakhoti, kudikira chigamulo. Pa 16 November 2011, khoti la ku San Francisco linakana mlandu umene Rambus inasumira Micron ndi Hynix, ndipo mtengo wa masheyawo unagwa kupitirira theka tsiku limodzi. Luso la mainjiniya silinasinthe tsiku limenelo. Chinasintha ndi chiyembekezo cha anthu ofuna kukolola.

Tisafulumire kuwaseka. Kwa Zulu kuno timamudziwa venda amene amabwera ndi sikelo mu Epulo, kugula soya ndi mtedza motchipa, n'kutsekera m'nyumba mpaka mtengo utakwera. Timamunena, inde. Komabe ndi iye amene ali ndi ndalama m'manja pamene mwana akufuna fizi, ndipo mtengo ukagwa kapena anankafumbwe akalowa m'matumba, amalira yekha. Ineyo ndinasungapo matumba asanu kudikira Novembala, ndipo sindinadzione ngati wadyera.

Ndiye malire ali pati? Ine ndikuona kuti venda amasunga chinthu chimene wina adzadye, pomwe wogula sheya uja ankadikira kuti wina aluze mlandu. Koma kodi venda amene amasangalala mvula ikavuta, chifukwa nkhokwe yake yadzaza, wasiyana naye bwanji? Tikambirane funso limeneli tisanapite patsamba lotsatira.