Chitsulo ndi Chake, Nanga Phokoso ndi la Yani?

Chifikire mseu wa phula wochokera ku Karonga pa Boma la Chitipa, cha m'ma 2012, ulendo umene kale unkadya tsiku lathunthu nthawi ya dzinja uyendedwa tsopano maora owerengeka. Galimoto zachuluka, ndipo njinga zamoto zolowa kuchokera ku Tanzania, zimene anyamata agwirira ntchito ya kabaza, zafika ku Kameme, ku Nthalire, ngakhale kumapiri a Misuku. Palibe munthu wanzeru amene angadandaule nazo, pakuti mai woyembekezera amene kale ankanyamulidwa pa machira afika lero kuchipatala dzuwa lisanapendeke. Koma pamodzi ndi dalitso limeneli pabwera mkhalidwe wina woyenera kuusinkhasinkha. Mnyamata agula galimoto kapena njinga yolira mofatsa, napita nayo kwa mmisiri woocherera zitsulo, nalipira ndalama kuti amboolere ekizozi ndi kuchotsa zam'kati mwake, kuti izilira ngati mfuti. Akulu akamfunsa, yankho lake ndi limodzi: "Agogo, ndi yanga; ndinagula ndi ndalama zanga."

Yankho limeneli siliyenera kusekedwa, chifukwa muli choona m'menemo. Koma poyamba nkofunika kudziwa chimene mmisiri uja achotsa. Injini iyenda ndi kuphulika. Petulo wosakanizika ndi mpweya ayaka m'kati mwake, ndipo utsi wotentha utuluka mwamphamvu, pang'onopang'ono ngati kugunda kwa nyundo. Mu injini ya njinga ya kabaza, ikamazungulira ka 3,000 pa mineti imodzi, kuphulika kumeneku kuchitika ka 25 pa sekondi iliyonse. Chigubu chachitsulo chimene chili kumapeto kwa paipi, chimene amakaniko achitcha sailensa, chili ndi tizipinda ndi timapaipi toboolaboola m'kati mwake. Utsi uzungulira m'menemo, nufutukuka, nutaya ukali wake, kotero kuti potuluka kunja ungong'ung'udza. Abale awiri a ku America, Milton ndi Marshall Reeves, analembetsa luso limeneli ku boma lao m'chaka cha 1897, galimoto zikadali zowerengeka pa dziko lonse. Ndiye kuti anthu oyamba kupanga galimoto anazindikira msanga kuti makina otere sangakhale pakati pa anthu popanda chowatseka pakamwa. Sailensa siithandiza galimoto kuthamanga. Ntchito yake yaikulu ndi kuchitira ulemu anthu a m'mbali mwa mseu.

Tsono nkhani ya umwini. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti nkololedwa, ndiponso nkofunika, kuti munthu akhale ndi zinthu zakezake, chifukwa munthu asamala bwino chimene chili chake koposa cha gulu. Anaonjeza kuti pa kagwiritsidwe kake, mwini chinthu azikumbukira anzake. Mnyamata uja angathe kupaka galimoto yake utoto uliwonse, kulembapo dzina la timu ya mpira, kapena kupachika nthenga pa galasi. Wodana nazo angoyang'ana kumbali, nkhani yatha. Koma diso lili ndi chikope, khutu lilibe. Mlengi analisiya lotsekuka usana ndi usiku, kuti mai amve khanda likalira ndi kuti mwini khola amve fisi akafika. Chifukwa chake phokoso lilowa m'nyumba ya munthu osaodira, ndipo mwini nyumba alibe chitseko chimene angalitsekere. Chitsulo chikhaladi cha mnyamata uja, koma kulira kwake sikukhala naye. Kutsikira m'zigwa za Misuku, kugunda phiri, kubwereranso, ndi kudzutsa midzi itatu imene siinagule nao galimotoyo.

Bata la mudzi lifanana ndi chitsime cha mudzi. Palibe amene analigula, palibe amene ali ndi chikalata chake, koma onse amwapo: wodwala malungo amene wangopeza tulo mbandakucha, mwana wa sukulu wowerenga pa nyali, mlimi amene adzalawirira kumunda wa khofi. Munthu wochapira zovala m'chitsime sanganene kuti sopo ndi wake. Ndipo pali chinthu china chozizwitsa pa nkhaniyi: zokoma zake apeza munthu mmodzi, kwa kamphindi, pamene zowawa zake zigawidwa kwa anthu mazana, aliyense pang'ono. Popeza aliyense walandidwa pang'ono chabe, palibe amene apita kwa mfumu kukasuma, ndipo wolandayo aganiza kuti sanalande kanthu. Wafilosofi wa ku Germany, Arthur Schopenhauer, analemba modandaula m'chaka cha 1851 za anthu oyendetsa ngolo amene ankaliza zikwapu m'miseu popanda chifukwa, nadula maganizo a munthu aliyense wakumva. Chikwapu chija chasanduka ekizozi, koma mlandu wake sunasinthe.

Ena adzati kusowa tulo si bala. Madokotala sabvomereza. Phokoso liyesedwa ndi muyeso wotchedwa desibelo. Anthu awiri ocheza bwinobwino afika pafupifupi 60. Munthu wokhala maora 8 tsiku ndi tsiku m'phokoso lopitirira 85 ayamba kuonongeka makutu, ndipo njinga yochotsedwa sailensa ingathe kupitirira 100 kwa munthu amene ali pafupi nayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza maiko a ku Ulaya m'chaka cha 2018 kuti phokoso la pa mseu lisamapitirire 45 nthawi ya usiku, popeza tulo todukizaduka tifooketsa thupi ndi kulemetsa mtima. M'kati mwa khutu muli timinyewa tosaoneka ndi maso, tonga tsitsi, timene tikafa sitimeranso. Woyamba kugontha ndiye mwini njingayo, amene akhala pamwamba pa phokosolo kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Pa galimoto pali choopsa china: ekizozi yobooka pansi pa mipando ilowetsa m'kati mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene uodzeretsa dalaivala ndi okwera omwe. Apa lamulo lachisanu la Mulungu, limene liteteza moyo ndi thanzi la mwini ndi la mnzake, lakhudzidwa ndithu.

Anyamata ali ndi zifukwa zao, ndipo chilungamo chifuna kuti zimveke. Ati injini ikapuma momasuka ikoka bwino pa chitunda. Kawirikawiri khutu ndilo linyenga: chimene chalira kwambiri chioneka ngati chathamanga kwambiri, pamene injini yaing'ono imene anaipanga kuti iyende ndi sailensa yake ingathe kutentha mopitirira ikachotsedwa popanda kukonza zina. Atinso phokoso lipulumutsa moyo, chifukwa pa makona a m'mapiri anthu ndi ng'ombe amva njinga isanafike. Chifukwa ichi ncholemera koposa choyamba chija, pakuti moyo uposa tulo. Komabe paipi ya ekizozi iloza kumbuyo, kumene njinga yachoka kale, ndipo chochenjezera amene ali kutsogolo chilipo: hutala, imene ilira pamene pafunika ndi kukhala chete pamene sipafunika. Ndiponso wokwera amene akhulupirira kuti onse amumva asiya kuchepetsa liwiro pa kona.

Chifukwa chenicheni sichitchulidwa kawirikawiri, ndipo nchomvetsa chisoni koposa kukwiyitsa. Mnyamata amene anatha sukulu nasowa ntchito, amene pa bwalo la mfumu sapatsidwa mpata wolankhula, amene pa ofesi auzidwa kuti abwere mawa, apeza tsiku lina kuti akapotoza dzanja lake lamanja msika wonse utembenuka. Chitipa ndi dziko la zilankhulo zambiri, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina, koma kulira kwa injini kumveka kwa onse popanda womasulira, ndipo kunena mau amodzi okha: ndilipo. Kufuna kudziwika si choipa; munthu analengedwa kuti akhale pamaso pa anzake. Koma Papa Gregory Wamkulu anaika ulemerero wachabe pakati pa mizu ya machimo, ndipo Aquinas anafotokoza kuti ulemu usanduka wachabe pamene munthu aufuna pa chinthu chosayenera kutamandidwa. Kuyendetsa zaka zisanu osagwetsa munthu nkoyenera kutamandidwa. Kubooka kwa chitsulo iai. Ndipo amene atembenuka pa msika paja satembenuka ndi ulemu. Ambiri atukwana chamumtima. Akale anati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika.

Wina angafunse kuti, nanga belu la tchalitchi, ng'oma ya gule, kulira kwa pa maliro, si phokoso kodi? Indedi ndi phokoso, ndipo lina limveka kutali koposa njinga. Kusiyana kwake nkwakuti zimenezi zili ndi uthenga umene mudzi uuyembekeza, zili ndi nthawi yake yodziwika, ndipo zikatha kunena zikhala chete. Komatu muyeso womwewu uyeneranso kuyesa anthu opembedza. Zokuzira mau zimene zibangula usiku wonse pa mapemphero, pafupi ndi nyumba za odwala ndi za ana olemba mayeso, sizisanduka zabwino chifukwa chakuti mau ake ndi oyera. Mkulu wa mpingo amene adzudzula wa kabaza masana, iye nachezera ndi chimkuzamau usiku, ayambe wadzifunsa yekha.

Pa kuweruza mlandu wotere, aphunzitsi a za makhalidwe ayang'ana zinthu zitatu: ntchito yeniyeniyo, cholinga cha woichita, ndi zozungulira zake. Munthu amene ekizozi yake yathyoka pa miyala ya mseu wa ku Nthalire, nayenda nayo masiku angapo posowa ndalama yokonzetsera, alibe tchimo. Ali ndi udindo wokonzetsa akapeza. Amene alipira dala kuti ilire, mwachibwana chabe, nayenda nayo masana, tchimo lake kawirikawiri ndi laling'ono, ngakhale lichitika tsiku ndi tsiku ndi kuumitsa mtima pang'onopang'ono. Koma amene aliza injini pakati pa usiku pafupi ndi chipatala, akudziwa kuti muli odwala, kapena aipsereza dala kumbuyo kwa nkhalamba yosenza mtolo kuti anzake aseke ikadzidzimuka, wapitirira chibwana. Wasankha kusangalala ndi kuvutika kwa mnzake, ndipo pamenepo mlandu ungathe kukula.

Mmisiri woocherera naye ali ndi gao lake. Iye adzati, "Ine ndingochita zimene mwini wake wafuna, achimwene, ndipo ndikakana apita kwa wina." Zoona, ndipo ana ake afuna nsima. Mlandu wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa wotumayo. Koma ntchito imene wapemphedwa ilibe cholinga china koma phokosolo, ndipo iye adziwa bwino koposa mnyamatayo chimene chitsulocho chichita. Mau a mmisiri wodziwika amveka kwa anyamata kumene mau a wansembe ndi a mfumu safika.

Chatsala ndi kubweza, pakuti amene walanda cha mwini ayenera kubweza. Tulo ta dzulo ta wodwala uja sitibwezeka, ndipo khutu logontha silitsekukanso. Chimene chingabwezedwe ndi chitsulo chija. Kuseri kwa mashedi a amisiri kuli milu ya timapaipi todulidwa, tochita dzimbiri pa mvula, ndipo mmisiri yemwe anakadula angathe kukaochereranso m'malo mwake tsiku lisanathe.