Kalaliki ndi Ngongole ya Nyumba

Mtsinje wa Likangala umacokera ku phiri la Zomba, nupyola m'tauni, nukathira m'nyanja ya Chilwa. Anthu a kumunsi kwace amalima mpunga ndi kupha matemba, ndipo nyumba amadzimangira okha pa malo a makolo. Koma kumtunda, m'tauni, kuli nyumba za bungwe la Boma, la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1964. Wokhala m'nyumba zimenezi amalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo pangano lace liri pa pepala.

Mnyamata wa ku Likangala, atatha sukulu, angathe kulembedwa ukalaliki mu ofesi ya malamulo ya bungwe lotere. Iye saweruza mlandu ai. Nchito yace ndiyo kuwerengera ngongole, kulemba makalata ocenjeza, ndi kukonzera loya mapepala opita nao ku khoti.

Tsono tsiku lina lingamfike pepala la mai wamasiye wogulitsa matemba pa msika wa Zomba, amene sanalipire miyezi isanu. Nyanja ya Chilwa imaphwa zaka zina, monga inacitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo caka cotere nsomba zimasowa. Kalaliki aidziwa njala imeneyi, pakuti inalowa ndi m'nyumba ya amace omwe. Kodi nkulakwa kuti abise pepalalo pansi pa anzace, kuti maiyo apume?

Ambiri adzati sikulakwa, ndipo mau ao sali opanda pace. Agogo a m'dziko la Zomba akumbukira thangata, pamene munthu anali kucotsedwa pa munda wa Mzungu cifukwa ca lendi, kufikira lamulo la 1962 linathetsa mcitidwewo. Kwa mdzukulu wao, kalata yocotsa munthu pakhomo iri ndi fungo lakale lomwelo.

Komabe nyumbayo si ya Mzungu, ndiponso si ya kalaliki. Ndi ya anthu onse. Lendi ndiyo imakonzetsa denga likadontha, ndipo mabanja ena ali kudikira nyumba. Munthu sangakhululuke ngongole imene siiri yace. Ndiponso mlandu suola: pepala lobisika lidzaoneka ndithu, miyezi isanu itasanduka khumi, katundu wosanyamulika. Coipa coposa nci: cifundo cotere cimagwera wakwao yekha. Wamasiye wa ku Nsanje kapena wa ku Karonga, wosowa mnansi mu ofesi, adzalandira kalata yace pa tsiku lace.

Kuli kulakwa kwinanso, kumene makalaliki ambiri sakuyesa kulakwa konse. Ndiko kunena kuti, "Lamulo latero, mai," ndi kutembenukira ku nchito yina. Pakuti ziripo zinthu zimene ziri zacezace za kalaliki, ndipo izo ayenera kupereka zonse. Awerengere ngongole kawiri, kuti asaonjezepo ngakhale tambala. Ngati maiyo sadziwa kuwerenga, amwerengere kalatayo m'cinenero cao, mau onse, owawa omwe, ndi kumuuza tsiku lotsiriza. Amuuze kuti angathe kupempha akulu a ofesi kuti azilipira pang'onopang'ono, ndi kuti kuli bungwe la Legal Aid Bureau lothandiza osauka pa milandu. Pabwalo la amfumu kwao ku Likangala palibe woweruzidwa asanalankhule. Mu ofesi pepala ndilo limalankhula, ndipo limanena zokhazo zimene kalaliki walembapo.

Ngakhale atacita zonsezi, kapena maiyo adzatulukabe m'nyumbamo, ndipo mnyamatayo sadzagona tulo usiku umenewo. Iye alemba kalata yocenjeza monga mwa nchito yace. Pa pepala lopita kwa akulu alembanso kuti maiyo analipira bwino zaka zonse za m'mbuyo, ndi kuti ngongole inayamba mwezi umene nyanja inaphwa.