Dzina Kapena Ntchito?

Kodi chinthu chimadziwika ndi dzina lake kapena ntchito zake? Funsoli si la alaliki okha. Limasowetsanso tulo olemba mapulogalamu apakompyuta.

Mu 1995 akatswiri a Sun Microsystems anayambitsa PAM, mlonda wofunsa mawu achinsinsi munthu asanalowe m'kompyuta. Dzina n'limodzi, koma alonda ngangapo: Linux-PAM, OpenPAM ya FreeBSD, ndi ya Solaris. Ya Solaris imasanja mauthenga mosiyana ndi ya Linux, moti pulogalamu yodalira dzina lokha imatha kugwa chagada.

N'chifukwa chake OpenSSH, pulogalamu ina yogwiritsa ntchito PAM, pomangidwa imayamba yafufuza yokha komwe kuli fayilo ya PAM yotchedwa pam_appl.h. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya mauthenga ija siyesa kanthu: ikangomva kuti ndi Solaris, imakhulupirira.