Kuthangata Kapena Kukakamiza?

Tiyeni tisinkhesinkhe pamodzi funso lakale limene silinakalambe. Funsolo ndi ili: boma likafuna kuti dziko lilemere, kodi liyenera kuumiriza anthu ku nchito imene iwo sanaisankhe, ndi kuwauza kuti adzapindula m'tsogolo? Kuti tisayankhe ndi mau a m'mutu chabe, tiyang'ane zimene zinachitika m'dziko lathu lino pamene boma la Angerezi linali likali lakhanda.

Boma limenelo linakhazikika chaka cha 1891, ndipo Harry Johnston anakhala ku Zomba monga mkulu wake. Dzina lakuti Nyasaland linadza pambuyo, mu 1907. Linali boma losauka. Akulu a ku London sanafune kulidyetsa masiku onse, koma anafuna kuti lidzipezere lokha ndarama za asilikari, za miseu ndi za malipiro a anchito ake. Tisafulumire kuliweruza, pakuti malonda a akapolo anali asanathe, ndipo Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895. Kufuna kuti dziko ligulitse zipatso za m'nthaka m'malo mwa ana ake sikunali kuipa ai. Tsono boma linaika mtima pa zinthu zitatu: ulimi, migodi, ndi nchito yopanga zinthu.

Tiyambe ndi ulimi. Chiyembekezo choyamba chinali pa khofi, kotero kuti mtengo wa khofi unalembedwa pa chizindikiro cha boma. Johnston anapatsa azungu makalata otsimikiza kuti malo akulu a ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje ndi ao, ngakhale ambiri a malowo anawatenga kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda. Koma munda sudzilima wokha. Nyengo ya dzinja imene mzungu anafuna manja ndiyo nyengo yomweyo imene munthu ali yense anali kupalira chimanga chake, ndipo palibe amene anafuna kusiya munda wa ana ake. Pamenepo boma linagwira msonkho. Msonkho wa nyumba unali masheleni 3, koma m'zaka zoyamba za 1900 anaukweza kufikira masheleni 6, nati munthu wogwira nchito kwa mzungu mwezi umodzi alipire theka lokha. Taonani, msonkho sunakhalenso wopezera ndarama kokha, koma unasanduka chingwe chokokera munthu ku munda wa wina. Ndipo khofi yemwe uja sanakhalitse: itapita 1900 anagwa ndi chilala, ndi tizirombo, ndi kutsika kwa mtengo chifukwa cha khofi wochuruka wa ku Brazil.

Amene anakhala pa malo a azungu anasenza katundu woposa. Makolo athu anali nao mau okoma akuti kuthangata, ndiko kuthandiza mnzako kapena mfumu yako pa nchito imene sangaithe yekha, podziwa kuti mawa iyenso adzakuthangata. Mau omwewo anatengedwa napatsidwa kwa nchito imene munthu anagwira monga lendi ya pokhala pake: mwezi wa msonkho, mwezi wa lendi, ndipo kawiri kawiri miyeziyo inatalika monga mwa kufuna kwa mwini malo ndi kapitao wake. Mkwiyo umene unabadwa m'menemo ndiwo wina wa mizu ya nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, imene inakantha malo a A. L. Bruce ku Magomero. Thangata anatha mu 1962, koma mau aja sanachire. Kufikira lero munthu akamva dzina la thangata sakumbukira chifundo.

Koma tinene choonadi chonse, pakuti boma lomwelo linachitanso zina mwa njira yabwino. Amalonda a ku Manchester anafuna thonje, napanga bungwe lao la British Cotton Growing Association mu 1902, ndipo boma linagawa mbeu ya thonje m'midzi. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje analima thonje m'minda yao yao, ndipo m'zaka za 1920 thonje la eni mudzi linapambana la minda ya azungu. M'zaka zomwezo anthu a ku Lilongwe ndi Dowa anathamangira kulima fodya wochiza ndi utsi, osatumidwa ndi mesenjala, chifukwa anaona ndarama ikulowa m'dzanja lao. Anachuruka kotero kuti mu 1926 boma linaika bungwe la Native Tobacco Board lakuwalemba maina ndi kulamulira misika yao. Pamenepa tiphunzira chinthu chachikuru. Anthu amene ananenedwa aulesi, oyenera chikoti, ndiwo omwe anadzuka m'mamawa okha pamene phindu linali lao. Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pa mphuno. Munthu akhulupirira phindu limene aligwira, si limene alonjezedwa ndi womkoka.

Za migodi nkhani yake ndi yachisoni. Oyamba aja anayembekeza golidi monga wa ku Joni, koma sanampeze wokwanira kukumba. Dothi lopangira aluminiyamu linapezeka pa phiri la Mulanje mu 1924, koma silinakumbidwe m'zaka zonse za boma lija. Pakusowa miyala ya mtengo wake, dziko linatumiza amuna ake. Mu 1903 boma linaloleza Wenela kulemba anthu a ku migodi ya ku South Africa, ndipo chibayo chinapha ochuruka a m'maiko otentha, kotero kuti mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kuwalemba, mpaka zaka za 1930. Koma amuna sanaleke kupita, ena ku Joni, ena ku Southern Rhodesia, pakuti msonkho unafuna ndarama imene m'mudzi munalibe. Ena anabwera ndi njinga, makina osokera ndi chuma cha ukwati. Ena anakhala machona. Akazi anagwira khasu ndi nkhwangwa okha, ndi ana anakula osadziwa nkhope ya atate wao. Ndarama imene inalowa iwerengeka, koma misozi ya m'midzi ija palibe buku la boma limene linailemba yonse.

Nanga nchito yopanga zinthu? Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu, akusungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu. Nzeru zimenezi boma silinazilere. Nsalu ndi makasu a kunja zinadzaza masitolo, ng'anjo zinazima, ndi manja odziwa kuomba anapita kumanda osasiya wophunzira. Zimene zinamangidwa zinali zakukonzera mbeu ulendo wa pa nyanja: makina ochotsa njere za thonje, nyumba zofotetsera tiyi, ndi fakitale ya Imperial Tobacco Company imene inatsegulidwa ku Limbe mu 1908. Thonje lathu linaoloka liri lakuyera, nilibwera liri nsalu ya mtengo wapatali.

Tsono tiyankha bwanji funso lathu? Titi boma lichita bwino pamene lilimbitsa dzanja la wolima: kumpatsa mbeu, kumlambulira njira, kuyang'anira sikelo kuti isaname, ndi kumphunzitsa chimene sanachidziwe. Msonkhonso suli woipa ngati ubwerera kwa aulipira monga mlatho, sukulu ndi mankhwala. Koma pamene boma liyesa munthu chipangizo, monga khasu lakulimira munda wa wina, lachimwa, ngakhale litaonetsa mabelo ambiri pa njanji. Muyeso wake ndi umodzi: kodi iye amene anatuluka thukuta anadyako, ndipo kodi anali ndi ufulu wakukana? Dziko silingatchedwe lolemera pamene nkhokwe za eni ake ziri zopanda kanthu.

Ndipo tisaloze chala kwa akufa okha, pakuti muyeso womwewo utiyesa ifenso. Ena a ife tiri ndi aganyu m'minda mwathu nthawi ya njala, pamene mnzathu asiya munda wake kuti apeze mbale ya ufa. Ena tisunga matenanti pa fodya, ena tiri mafumu ndi akulu a mudzi amene aitana anthu ku nchito ya chitukuko. Tidzifunse ngati timlipira mnzathuyo pa tsiku limene tinapangana, ngati timsiyira nthawi yakupalira chake, ndiponso ngati angathe kutikana wopanda mantha. Tikatero tidzabwezera mau aja akuthangata ulemu umene anali nao kwa makolo athu.