Moto wa m'phiri wasowa wouzima

Ukafika mwezi wa Seputembala, anthu a ku Chiradzulu sitidabwanso kuona phiri lathu likuyaka usiku. Moto umayambira m'munsi dzuwa likupendeka, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo woyenda pamsewu wa ku Zomba akafika pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi amaona mzere wa malawi uli psuu kukwera chitunda. Ana amaloza, akulu amangoti "kwapsanso", kenako aliyense amalowa m'nyumba kukagona. Palibe wokuwa mfuu. Palibe wothyola nthambi yaiwisi kuti akazime. Tafika poonerera moto ngati ukupsereza dziko la eni.

Makolo athu sankatero, ngakhale nawonso ankatentha tchire. Moto unali ndi nthawi yake, unalinso ndi mwini. Udzu wofolera unali chuma cha mudzi wonse, choncho munthu woyatsa tchire anzake asanamwete ankaitanidwa kubwalo kwa amfumu, ndipo nkhuku kapena mbuzi inkatuluka m'khola mwake. Moto ukalusa, mfuu imodzi inkadzutsa mudzi, amuna ndi akazi omwe, chifukwa aliyense ankadziwa kuti moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo kuseri kwa tchirelo kuli nkhokwe yake ndi denga lake.

Lero amene amayatsa timawadziwa. Ndi anyamata osaka mbewa, amene amapsereza chitunda chonse kuti maenje ndi njira za mbewa zioneke. Ndi mlimi wotentha zinyalala posamala munda, n'kuchokapo moto usanazime. Ndi wootcha makala amene uvuni wake watulutsa moto iye ali kwina, ndi wofula njuchi wotaya muuni wake paudzu. Ena amangoyatsa chifukwa cha nsanje, kuti mitengo ya bulugamu ya mnzawo isafike pogulitsa. Onsewa ndi ana a m'mudzi, ali ndi mayina, ali ndi amalume awo. Koma kukacha, funsani kuti wayatsa ndani, mudzi wonse ukuyankhani kuti moto wachokera kutsidya.

Mawu amene atiwononga ndi akuti "ndi za boma izi". Nkhalango ya m'phiri la Chiradzulu inaikidwa m'manja mwa boma kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaiopa chifukwa cha mlonda ndi ndende. Mantha atachoka m'zaka za m'ma 1990, pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera, panalibe china cholowa m'malo mwake. Ambiri anamva kuti ufulu ndiye nkhwangwa ndi machesi. Phiri la Ndirande, apa pafupi ku Blantyre, linametedwa mpala m'zaka zomwezo anthu akuona. Ife sitinaphunzirepo kanthu.

Chondiwawa n'chakuti kusunga mitengo timakudziwa bwino. Yendani m'dera la Kadewere, la Mpama kapena la Nkalo, muone kumene kwatsala mitengo yachilengedwe ikuluikulu: ndi kumanda. Kumanda kulibe mlonda wolipidwa, kulibe waya, kulibe chikwangwani. Komabe wosaka mbewa safikako ndi machesi ake, ndipo amfumu akaitana kuti tikalambule manda, anthu amadzuka m'mamawa ndi makasu popanda wofunsa za alawansi. Akufa tawasungira mthunzi. Ana amoyo tikuwasiyira miyala.

Ndikudziwa zimene ena anganene, kuti vuto ndi umphawi. N'zoona. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'onoli, limene lili m'gulu la maboma othithikana kwambiri m'Malawi muno. Minda yachepa, nkhuni zasowa, ndipo Limbe ndi Blantyre zikulira makala ndi njerwa zootcha tsiku lililonse. Wodula mtengo kuti ana adye ndingathe kumumvetsa. Koma moto wolusa sudyetsa munthu. Mbewa zodzaza kambale kamodzi sizingalipire udzu, bowa, masuku, uchi ndi nkhuni za mudzi wonse. Wosauka ndiye woyamba kulira, chifukwa nyumba yofolera udzu ndi yake, ndipo ndi mkazi wake amene adzayende mtunda wautali kusaka nkhuni.

Moto wa mu Okutobala ndi woipa kuposa nkhwangwa. Mitengo yathu yachilengedwe, monga mombo, msuku ndi muwanga, ukaidula chitsa chimaphukanso, ndipo pakapita zaka zochepa popanda choisokoneza thengo limabwerera lokha, osagula mbande. Koma moto wa m'chilimwe, udzu utauma gwaa, umapha mphukirazo chaka ndi chaka mpaka chitsa chitatopa n'kufa. Umanyeketsanso masamba ogwa amene amaphimba nthaka. Mvula yoyamba ikagwa imapeza dothi lili pamtetete, madzi salowa pansi, amangothamanga ndi nthaka kupita kumitsinje ngati Mombezi. N'chifukwa chake akasupe amene agogo athu ankatungako chaka chonse amauma chilimwe chisanafike pakati.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Kuno kwathu, mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe unakokoloka ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri, monga zinachitikiranso ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula ija inali yoopsa, ndipo sindinganene kuti mitengo ikanapulumutsa aliyense. Koma chitunda chopsa chaka ndi chaka, chopanda mizu yogwira dothi, sichingalimbane ndi madzi otere. Tinalira, tinaika maliro, tinalandira ufa ndi zofunda. Chilimwe chitafika, utsi unayambanso kufuka m'mapiri.

Boma nalo lisathawe mlandu. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 2020 zilango zake zinakwezedwa. Dziko lathu linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timadzala mitengo: akuluakulu amabwera ndi magalimoto, amayi amavina, wina amagwira khasu latsopano kuti ajambulidwe. Nanga mu Juni ndi Julaye, nthawi yolambula m'mphepete mwa nkhalango kuti moto usalumphe, amabwera ndani? Akatswiri a nkhalango amadziwa kuti kutentha udzu msanga, mu Meyi kapena Juni usanaumitsitse, kumachepetsa ukali wa moto wa m'chilimwe. Ntchito imeneyi ilibe magule, ilibe wojambula, ndiye imasowa ndalama. Timawerenga mbande zodzalidwa, koma zopulumuka sitiziwerenga. Ngati nkhalango ya Chikangawa ya mahekitala 53,000 inawonongeka kwambiri ndi moto ndi macheka boma likuona, kaphiri kathu kadalire ndani?

Ngakhale m'mipingo, za moto wa ku Gehena timazimva kawirikawiri, koma moto umene ukuoneka pazenera la tchalitchi sulalikidwa.

Inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, mphamvu yoitanira anthu kumanda muli nayo, ndipo anthu amakumverani. Itanani mudzi mu Juni ukalambule m'mphepete mwa phiri, ndi kuzungulira nkhokwe ndi nyumba za udzu. Makomiti a zachilengedwe a m'midzi muwapatse mawu pabwalo. Ndipo moto ukabuka chaka chino, woyatsayo mumutchule dzina ndi kumulipitsa, ngakhale atakhala mwana wa mlongo wanu.