Pamene Bambo Mfumu Apita Kukapuma



Nthawi zina Ambuye Episkopi amachotsa wansembe pa parishi kwa miyezi ingapo, mwinanso chaka chathunthu, kuti akapemphere, akaphunzire ndi kupumula. Ena amatumizidwa ku Gaba, sukulu ya Maepiskopi a chigawo chathu cha AMECEA, ku Eldoret m'dziko la Kenya; ena amangokabindikira m'nyumba ya amonaki. Kalata yotere ikangowerengedwa m'tchalitchi, panja pamabuka manong'onong'o. Wina ati, kodi alakwanji? Wina ati, adya ndalama za mtulo. Limeneli ndi tchimo la kusinjirira, ndipo wolichita ayenera kukalapa ndi kubweza mbiri imene waipitsa.

Kupuma kotere sikudayambe ndi ife. M'buku la Levitiko, mutu 25, Mulungu adalamula Aisraele kuti alime minda yao zaka 6, koma chaka chachisanu ndi chiwiri aigoneke. Munda sudalakwe kanthu ai. Makolo athunso ankadziwa kusiya tsala kuti nthaka ibwerere mwakale. Tsono Mulungu adadziwiratu kuti anthu adzadandaula za chakudya cha chaka chimenecho, ndipo adawalonjeza kuti dzinthu za chaka chachisanu ndi chimodzi zidzawafikitsa zaka zitatu. Dandaulo lathu ndi lomwelo. Adzayendera odwala ndani? Adzaweruza milandu ya mabanja ndani? Yankho lake ndi lomwelonso: zimene Bambo adafesa mwa ife zaka zonsezi, ndizo tidye tsopano. Ngati nkhokwe ili mbee, mlandu si wa wofesa yekha.

Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983, pa kanoni 533, amalola bambo mfumu kupumula mwezi umodzi pa chaka. Ansembe angati amaupeza mwezi umenewu? Pa Mulungu Misa ziwiri kapena zitatu, pakati pa mlungu maliro, maukwati, sukulu, matenda a usiku, ndi njinga yamoto m'matope a Febuluwale. Akuluakulu adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndipo oing'amba ndi omwe amaikonda.

Taonani za Yohane Maria Vianney woyera, nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Adatumikira mudzi wa Ars ku France zaka 41, kuyambira 1818 kufikira imfa yake mu 1859, namakhala m'kanyumba kolapitsiramo maola oposa khumi pa tsiku. Mtima wake unkalakalaka malo a phee. Mu 1843, atadwala kwambiri, adapita kwao ku Dardilly, koma anthu adamlondola komweko. Mu 1853 adanyamuka usiku. Iwo adaliza belu, namtsekereza njira, nambweza. Ankamkonda, inde. Koma chikondi china nchofanana ndi cha mwana wokana kutsika kumsana pamene mai ake alefuka.

Zoterezi zidaonekanso kwa Ambuye athu. Marko woyera, pa mutu 6, akusimba kuti Atumwi atabwerako ku ulendo wolalika, adasowa ngakhale mpata wodyera. Yesu adawatenga m'chombo kunka nao kwa okha kuti akapumule, koma khamu lidathamanga pamtunda nkukawadikira kutsogolo. Iye adawamvera chisoni, nawaphunzitsa; ndipo pofuna kuwadyetsa, adawakhazika m'magulu a anthu 100 ndi a anthu 50. Ifenso magulu athu tili nao. Maepiskopi a AMECEA pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976 adagwirizana kuti moyo wa Eklezia uzike mizu m'miphakati, ndipo ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe adachititsa sinodi yaing'ono, kuyambira 1973 mpaka 1975, pa cholinga chomwecho. Mphakati udakhazikitsidwa kuti Akristu azisenzerana katundu pamudzi pao, wansembe alipo kapena palibe.

Tsiku lotsazikana mudzabwera ndi mbuzi, nkhuku ndi malichero a mpunga, ndipo atcheya adzalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Nzabwino zimenezo, mwa akhate khumi aja, Ambuye adakondwera ndi Msamariya amene adabwerera kudzathokoza ndi pakamwa pake. Koma mbuzi idzatha mlungu womwewo. Chimene chidzalola Bambo kugona tulo kumene akupitako ndi kudziwa kuti nkhalamba ya kuseri kwa dambo ikutungiridwabe madzi, kuti ana a Ukaristia woyamba sadaleke kuphunzira, kuti denga la tchalitchi lofoleredwa theka lija likupitirira. Paja dzina lakuti Ukaristia m'Chigriki litanthauza kuthokoza, ndipo Misa ikatha timatumidwa kunja.

Inu akatekisti, Bambo asananyamuke khalani nao pansi. Lembani maina a odwala a m'limana lililonse, a akatekumeni, ndi a mabanja amene milandu yao ili m'njira, kuti wansembe wogwirizira asayambe mumdima. Mlandireni ameneyo ndi manja awiri, osamuyerekeza ndi mnzake pa mau alionse. Mapemphero a pa Mulungu asaphonyeke kunthambi chifukwa galimoto silidabwere. Mtulo uperekedwe monga kale, ndipo msungichuma aziwerenga ndalama pamaso pa mboni ziwiri. Za lamya nazo ndinenepo: musamawaimbire Bambo kuwauza kuti akwaya akangana kapena kuti mpope wafa. Zimenezo zili ndi eni ake, ndiwo a khonsolo ya parishi.