Amalume Sapemphera, Koma Sajomba Pamaliro

Amalume anga a ku Seke, ku Chitungwiza, sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Amanena poyera kuti munthu akafa wafa basi. Komabe maliro akagwa pakati pa ife zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland, iwo ndiwo amayamba kufika. Amasonkha ndalama kubungwe lothandizana pamaliro, amachezera pamoto usiku wonse, ndipo kumanda a ku Unit L amagwira fosholo. Kwaya ikamaimba amavula chipewa, koma ikafika nthawi yoti "Ameni" amangoti duu.

Kodi munthu wotereyu tingamutche wachipembedzo?

Abale ena amati chimenechi n'chinyengo: ukufunanji pamwambo umene suukhulupirira? Funsoli n'lomveka. Kwa Mkhristu kapena Msilamu, pemphero lili ndi mwini wake amene amalimva, ndipo kulisandutsa mwambo wongosonkhanitsa anthu n'kulipeputsa. Amalume nawonso sangakondwe titawakakamiza dzina limene analikana okha.

Koma tiyeni timvetsere chinenero chathu. Mawu akuti "mpingo" satanthauza tchalitchi chokha, amatanthauzanso gulu la anthu oyenda limodzi. Émile Durkheim, m'buku lake la mu 1912, anafika pa mfundo yofanana nayo, yakuti chipembedzo chimamanga anthu pamodzi mozungulira zinthu zimene amaziyesa zopatulika.

Makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, analibe mudzi kuno. Ankaopa kufera kuchilendo popanda wowalira. Motero Apresibateriya, Asilamu ndi a Gule Wamkulu, ngakhale ankatsutsana pa za kumwamba, anagwirizana pa chinthu chimodzi: mnzathu asaikidwe ngati galu. Maliro n'kulirana.

Chimenechi ndicho chopatulika cha amalume. Sayembekezera mphoto kutsidya kwa manda, ndipo mwina n'chifukwa chake amaugwira mtembo mosamala chonchi. Kwa iwo moyo ndi umodzi wokhawu, choncho ulemu womaliza sungadikire mawa.

Ine ndimati amalume alibe chikhulupiriro, koma mpingo ali nawo. Mayeso enieni adzagwera ife tsiku limene iwo adzatisiye. Ngati tidzakangana pakhomo kuti munthu wosapemphera asaimbiridwe nyimbo, tidzakhala titaswa pangano limene iwo analisunga moyo wawo wonse.